Dzina la Mlendo Wogwira Choko: Ana a ku Korea Azimuitana Bwanji Mphunzitsi wa Chingerezi?

 

Nkhani yanga lero ndaitenga kutali, ku South Korea, ndipo ndi yooneka yaing'ono: kodi mwana wasukulu wa ku Korea azimuitana bwanji mphunzitsi wa Chingerezi wochokera kunja? Wina afunsa kuti, "Nanga zimenezi n'zosonkhanitsira anthu?" Mundipirire pang'ono. Ambiri muno timaphunzitsa chiyankhulo cha eni kwa ana amene ali kale ndi chiyankhulo chawo, ndipo funso la ku Koreali likuonetsa poyera zimene zimachitika ziyankhulo ziwiri zikakumana pakamwa pa mwana mmodzi.

Tiyeni tilowe kaye m'sukulu ya pulaimale ya ku Seoul m'mawa wina wa mwezi wa Malichi, pamene chaka cha sukulu chimayamba kumeneko. Ana avula nsapato zakunja, avala zoyendera m'kati, ali piringupiringu pakhonde. Kukubwera mphunzitsi wa kalasi lawo, Mkoreya mnzawo. Ana aja aima, aweramitsa mutu, nati, "Annyeonghaseyo, seonsaengnim," ndiye kuti, "Moni aphunzitsi." Palibe watchula dzina. Posakhalitsa kukubweranso mphunzitsi wina, mnyamata wa ku Canada, tingoyerekeza kuti dzina lake ndi John Smith. Mwana woyamba akuwa ali patali, dzanja lili m'mwamba: "Hello, John!" Wachiwiri akuti, "John teacher!" Wachitatu, kamtsikana kofatsa, wayamba kuwerama, walekezera panjira, wayang'ana anzake, kenako wangomwetulira n'kudutsa kukamwa kuli gwa. Mwana wachitatuyu ndiye wandiimiritsa pano lero. Ulemu ali nawo, koma akuluakulu sanamuuze mawu ouperekera.

Ndili ndi mfundo zinayi. Yoyamba, kulemera kwa mawu akuti seonsaengnim. Yachiwiri, kumene kunachokera kaitanidwe ka "John teacher". Yachitatu, zimene dzina lopanda ulemu limawononga. Yachinayi, zimene ndikuona kuti zichitike. Maganizo anga ndiwaneneretu kuti mundimvere mukudziwa kumene ndikulowera: mlendo akagwira choko ndi mphunzitsi, ndipo dzina la mphunzitsi liyenera kuvala. Lisatuluke pakamwa pa mwana lili losavala.

Mfundo yoyamba. Mawu akuti seonsaengnim ndi olemera kuposa mawu a Chingerezi akuti teacher. Ali ndi zigawo ziwiri. Seonsaeng anachokera ku zilembo ziwiri za Chitchaina zotanthauza wobadwa poyamba, munthu amene anayamba kuliona dzuwa. Nim ndi kachidutswa kaulemu kamene amakaphatika kumapeto, monga ife timaphatika "a" kumayambiriro tikamati aphunzitsi, agogo, amfumu. Mkoreya amaitana dokotala kuti seonsaengnim, ngakhalenso munthu wachikulire amene sakumudziwa dzina. Dzina la ntchito yauphunzitsi, lolembedwa pamapepala a boma, ndi lina: gyosa. Palibe mwana amene amaitana mphunzitsi wake kuti gyosa.

Apa ife Achewa tili ndi mwayi, chifukwa timamva msanga zimene mzungu wa ku Toronto angatenge chaka kuti amvetse. Chikoreya chili ndi iwe ndi inu wake. Kuyankhula kwaulemu amakutcha jondaenmal, kuyankhula kwa pachinzake kapena kwa wamkulu kwa mwana amakutcha banmal, ndipo kusiyana kwake kumamveka kumapeto kwa mneni aliyense. Simunganene ngakhale kuti "mvula ikugwa" musanasankhe kuti munthu amene mukumuuzayo ndi ndani kwa inu. Mwana akamayankhula ndi mphunzitsi sagwiritsa ntchito mawu oti "inu", amabwereza seonsaengnim pamalo pake, monga mwana wolangika kwathu kuno amati, "Kodi agogo adya?" pamene akuyankhula ndi agogo omwewo. Mayi wobereka amatchulidwa ndi dzina la mwana wake, Minsu eomma, ndendende ngati "make Minsu". Ndipo mwana akafunsidwa dzina la bambo ake, mwambo umati asalitchule mwathunthu ngati la mnzake: amalitchula phatikizo limodzilimodzi, n'kumaikapo mawu oti ja pambuyo pake. Anthu otere, amene dzina la wamkulu amalinyamula ngati dzira, mukuganiza kuti amamva chiyani mwana wawo akamakuwira munthu wandevu kuti "John"?

Ulemu umenewu uli ndi mizu yake. M'nthawi ya ufumu wa Joseon, kuyambira 1392 mpaka 1910, chiphunzitso cha Confucius ndicho chinali msana wa dziko, ndipo chinasiya mawu oti gunsabu ilche: mfumu, mphunzitsi ndi bambo ndi amodzi. Akoreya ali ndi mwambi woti ngakhale chithunzithunzi cha mphunzitsi sachiponda. Tsiku la aphunzitsi amalikumbukira pa 15 Meyi, ndipo analiika dala pa tsiku lobadwa la Mfumu Sejong, amene anapatsa anthu ake zilembo za Hangul m'chaka cha 1446. Musaganize kuti zonsezi n'zakale zokha. Mu Januwale 2019 ofesi ya maphunziro ya mzinda wa Seoul inabweretsa ganizo loti m'masukulu anthu aziitanana kuti ssaem kapena nim pofuna kuchepetsa mtunda pakati pa akulu ndi ang'ono. Ssaem ndi chidule cha seonsaengnim chimene ana amakonda, chofanana ndi "aticha" wathu uja. Mabungwe a aphunzitsi anadandaula kwambiri, mpaka ofesiyo inafotokoza kuti ganizolo silikhudza mmene mwana amaitanira mphunzitsi wake. Ndipo mu 2023, mphunzitsi wina wachitsikana atapezeka atamwalira pasukulu yake ku Seoul mwezi wa Julayi, aphunzitsi zikwizikwi anavala zakuda n'kumasonkhana Loweruka lililonse kudandaula kuti ulemu wa ntchito yawo waphwa, kufikira nyumba ya malamulo inasintha malamulo owateteza mu Seputembala chaka chomwecho. M'dziko lotere, kaitanidwe ka mphunzitsi ndi nkhani ya pamtima.

Mfundo yachiwiri. "John teacher" anachokera kuti? Aphunzitsi ena akunja akamva mawuwa amachita tsinya, ati n'Chingerezi chothyoka. Ine ndikuti taimani kaye, tione mmene mwanayo wawaumbira.

M'Chikoreya udindo umabwera pambuyo pa dzina: Kim seonsaengnim, osati seonsaengnim Kim. Mwana uja wauzidwa kuti m'kalasi la Chingerezi aziyankhula Chingerezi. Wafunafuna mawu olowa m'malo mwa seonsaengnim, wapeza teacher, n'kuwaika pamene chiyankhulo cha amayi ake chimawaika. Sanalakwitse ulemu. Wausamutsa ndi manja ake kuchoka m'mphika wina kulowa m'mphika wina. Ana athu anachitanso chimodzimodzi ndi Chingerezi cha atsamunda: anatenga sir ndi madam n'kuwaphika mpaka anasanduka "asala" ndi "amadamu". Anaona kuti Chingerezi chokha chachepa mchere, anathiramo "a" wathu.

Nanga bwanji John, osati Smith? Pali zifukwa zitatu zimene zimakumana. Akoreya amayamba ndi dzina la banja, la munthu mwini n'kutsatira, kotero mwana akaona John Smith palibe chomuuza kuti la makolo ndi liti. Chinanso, dzina la banja lokha silisiyanitsa anthu kwenikweni ku Korea, poti a Kim, a Lee ndi a Park okha amatsala pang'ono kukwana theka la anthu onse. Sukulu imodzi ikhoza kukhala ndi aphunzitsi a Kim angapo, n'chifukwa chake ana anazolowera kunena kuti "aphunzitsi a masamu", "aphunzitsi a Chingerezi", kapena kutchula dzina lonse. Chachitatu ndi lilime. Chikoreya, monga Chichewa, sichikonda makonsonanti ounjikana. Ife tinasandutsa school kukhala sukulu, iwo amasandutsa Smith kukhala Seumiseu. Dzina lalifupi limapambana.

Palinso china chimene alendo ambiri sachidziwa. Mawu akuti Mister ndi Miss analowa kale m'Chikoreya, koma analowera khomo lakumbuyo. M'maofesi a zaka zapitazo bwana ankaitana mtsikana wotumikira kuti "Miseu Kim" pomutuma khofi, ndipo masiku ano kaitanidwe kameneka kamamveka konyoza. Tsono mlendo akanena kuti, "Muzinditcha Miss Brown," kwa iye wapempha ulemu wonse, koma khutu la Mkoreya wachikulire likumva kuti pachepa kanthu. Onse awiri akufuna ulemu, kungoti aliyense akuuyeza ndi mbale ya kwawo.

Choncho "John teacher" musamuseke, ndipo mwana wonena choncho musamudzudzule. Dzina lija lavala. Chovalacho wachisoka mwanayo yekha. Koma tisabisenso choonadi china: ku London, ku Toronto kapena ku Johannesburg ana sayankhula choncho. Ku Britain amati Sir kapena Miss, ku America amati Mr. Smith kapena Ms. Smith. Mphunzitsi amene walembedwa ntchito kuti aphunzitse Chingerezi monga eni ake amachiyankhulira ali ndi ngongole yoti auze ana zimenezi.

Mfundo yachitatu, ndipo apa ndichedwapo: dzina losavala. Nthawi zambiri amene amaliyambitsa si ana ayi, ndi mphunzitsi mwini wake. Wafika tsiku loyamba, ndi wachinyamata wongomaliza kumene yunivesite, waona nkhope za ana zili ndi mantha a Chingerezi, ndiye mwa mtima wake wabwino akuti, "Ingonditchani John." Cholinga chake ndikuchimvetsa, ndipo sindikuchinyoza. Mwana wamantha satsegula pakamwa, ndipo chiyankhulo sichiphunzirika pakamwa pali potseka. Koma safunsa anadya phula. Akanafunsa akanadziwa kuti m'moyo wa mwana wa Chikoreya anthu amene amawatchula dzina lokha ndi anzake amsinkhu umodzi ndi azing'ono ake basi. Ngakhale mkulu wake wobadwa naye samutchula dzina. Amati hyeong, nuna, oppa kapena eonni. Potero John uja sanangofupikitsa mtunda. Wadzitsitsa yekha kufika pansi pa mkulu wa mwanayo amene ali sitandade imodzi patsogolo pake. Ndipo chodabwitsa n'chakuti kwawo komweko, m'masukulu ambiri a boma, iyeyo sankatchula aphunzitsi ake mayina oyamba.

Kuti muone kukula kwa vutoli, onani pamene mlendoyu waima kale. Boma la Korea linayambitsa mu 1995 ndondomeko yobweretsa eni Chingerezi m'masukulu ake, imene lero imatchedwa EPIK, ndipo kuyambira 1997 ana amayamba Chingerezi m'chaka chachitatu cha pulaimale. Aphunzitsi ambiri otere amalowa m'dzikomo ndi chiphaso cha E-2, ndipo amachokera m'mayiko asanu ndi awiri: United States, Canada, Britain, Ireland, Australia, New Zealand ndi South Africa. Mgwirizano wawo umakhala wa chaka chimodzi chimodzi. M'sukulu za boma amawerengedwa ngati othandizira, ndipo amaphunzitsa limodzi ndi mphunzitsi wa Chikoreya. Sakhala ndi kalasi lawolawo loliyang'anira. Amene amadziwa makolo, amene amaweruza milandu ya ana, ndi damim seonsaengnim, mphunzitsi wa kalasi. Ena ambiri ali m'masukulu apadera olipira otchedwa hagwon, kumene kholo ndi kasitomala. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo ana amaona msanga kuti uyu ndi mame: wabwera chaka chino, chaka chamawa kudzabwera wina, Chikoreya sachimva, chilango sapereka. Munthu woima pamalo oterera chonchi, mukamuvulanso dzina, mwamusiyira chiyani choimira?

Zotsatira zake zimabwera pang'onopang'ono. Dzina likavula, mneni nayenso amavula: mwana amayamba kumuyankhula mlendoyo m'banmal, podziwa kuti sakumva kusiyana kwake. Kenako kumabwera "Ya!", mfuu imene Mkoreya amaitanira mnzake wapamtima kapena mwana, yofanana ndi "iwe!" wathu wa pamsewu. Anzake amaseka, mphunzitsi nayenso amaseka osadziwa kuti wosekedwayo ndi iye. Phunziro la mlendo limasanduka nthawi yopuma. Pamene Chingerezi chomwechi n'chimene dziko lonse la Korea limachitenga ndi manja awiri: tsiku la mayeso olowera ku yunivesite, Suneung, m'mwezi wa Novembala, ndege zimaletsedwa kunyamuka ndi kutera pa nthawi imene ana akulemba gawo lomvetsera Chingerezi.

Koma chimene chimandipweteka kwambiri si ulemu wa John. John ndi wamkulu, adzakwera ndege n'kubwerera kwawo. Wotsala ndi mwana, ndipo mwanayo watsala ndi maphunziro awiri amene palibe anawalemba pa bolodi. Loyamba, lakuti Chingerezi ndi chiyankhulo chopanda ulemu, chimene munthu amangolankhula mmene wafunira. Limeneli ndi bodza. Chingerezi chili ndi ulemu wake, kungoti chimaubisa m'malo ena, m'mawu opempha ndi m'maudindo. Lachiwiri ndi loipa koposa: lakuti ulemu ndi wa anthu a mtundu wako okha, ndipo munthu wa nkhope ina ali kunja kwa mpanda. Kuwongola mtengo m'poyamba. Mwana amene waphunzira ali ndi zaka zisanu ndi zinayi kuti mlendo saweramiridwa, adzaphunzira liti kumuweramira? N'chifukwa chake ndikubwereza kuti dzina la mphunzitsi liyenera kuvala, ndipo liyenera kuvala chifukwa cha mwanayo.

Korea yemweyo anadziwa kale kulandira aphunzitsi akunja. Homer Hulbert anafika mu 1886 kudzaphunzitsa pa Yugyeong Gongwon, sukulu imene Mfumu Gojong inakhazikitsa. Anaphunzira Chikoreya, analemba buku la zamalo m'zilembo za Hangul, ndipo atamwalira ku Seoul mu 1949 anaikidwa m'manda a Yanghwajin, kumene Akoreya amamukumbukira mpaka lero. Pakati pa 1966 ndi 1981 kunabwera achinyamata a Peace Corps, bungwe lomwe lija linatumizanso aphunzitsi kwathu kuno. Mmodzi wa iwo, Kathleen Stephens, anaphunzitsa Chingerezi ku Yesan kuyambira 1975 mpaka 1977, anali ndi dzina la Chikoreya loti Shim Eun-kyung, ndipo mu 2008 anabwereranso ngati kazembe wa America. Anthu awa analowa m'nyumba ya eni n'kuphunzira mwambo wa nyumbayo, ndipo eni nyumba anawapatsa mpando.

Mfundo yachinayi. Tsono achite chiyani? Apa sindizungulira.

Mwana akamayankhula Chikoreya, mlendoyo ndi seonsaengnim, kapena John seonsaengnim ngati pakufunika kusiyanitsa, ndipo mneni akhale wa jondaenmal, kaya mlendoyo akumva kaya sakumva. Pali mawu akuti woneomin, otanthauza mwini chiyankhulo, amene amagwiritsidwa ntchito pofotokoza aphunzitsi amenewa. Asayende okha. Akhale woneomin seonsaengnim, chifukwa woneomin yekha amanena kumene munthu anabadwira, sanena ntchito imene wabwerera.

Mwana akamayankhula Chingerezi m'kalasi, aphunzire kunena Mr. Smith kapena Ms. Smith, ndipo limeneli likhale phunziro lenileni la sabata yoyamba: dzina la banja ndi liti, bwanji eni ake sanena Mr. John, bwanji mawu amene ankamveka opepuka mu ofesi ya ku Seoul ali aulemu m'kalasi la ku Toronto. Dzina likakhala lovuta kutchula, monga ena a aphunzitsi ochokera ku South Africa angakhalire pa lilime la mwana wa ku Busan, aliyeserere kufikira litakhala. Nayenso mphunzitsi alipire ngongole yomweyo: aphunzire kutchula Seo-yeon ndi Ji-ho bwinobwino, m'malo mothamangira kugawa mayina a Chingerezi kwa ana monga zimachitikira m'ma hagwon ambiri. Wofuna kuti dzina lake lisamalidwe ayambe wasamala la mwana.

Nanga "John teacher"? Kwa ana aang'ono, ndiponso pakhonde ndi pabwalo, ayankhidwe ndi nkhope yowala, chifukwa ndi ulemu. Kuwongola kubwere mofatsa, mwana akamakula. Nanga ssaem? Muyeso wanga ndi umodzi: chimene sukulu imalola kwa mphunzitsi wa Chikoreya ilolenso kwa mlendo, chimene imaletsa kwa uyu iletsenso kwa uyo. Ngati ana amati ssaem kwa aphunzitsi awo a masamu mwachikondi, "John ssaem" alibe vuto. Koma ngati palibe mwana angayerekeze kutchula dzina lokha la aphunzitsi a masamu, asayerekezenso kwa aphunzitsi a Chingerezi. Dzina livale, ndipo livale chovala chofanana ndi cha anzake.

Ntchito yoika muyeso umenewu isasiyidwe m'manja mwa mnyamata wongotsika kumene ndege, amene sanadziwe kuti banmal n'chiyani. Mutu umodzi susenza denga. Ndi ntchito ya mphunzitsi wamkulu, gyojang seonsaengnim, ndi ya mphunzitsi wa Chikoreya amene aziphunzitsa naye limodzi. Amukhazike pansi asanalowe m'kalasi, amufotokozere chifukwa chake "ingonditchani John" sikumveka mmene iye akuganizira. Tsiku loyamba alembe dzina la mlendoyo pa bolodi m'zilembo zonse ziwiri, za Hangul ndi za Chingerezi, udindo uli pomwepo, alitchule, ana abwereze, kuti kamtsikana kathu ka pakhonde kaja kadziwe chonena kakawerama. Ndipo mphunzitsi wa Chikoreyayo adzisamale yekha pakamwa pake: akamuitana mnzakeyo pakhomo la kalasi, m'chipinda chodyera, kapena mu ofesi ya aphunzitsi pamene mwana walowa kudzasiya makope, anene kuti "John seonsaengnim" mokweza ndithu, kuti mwanayo amve.